Nyumba ya ku Gutach: anthu, ng'ombe ndi udzu pansi pa denga limodzi

Kumwera chakumadzulo kwa dziko la Germany kuli dera lamapiri ndi nkhalango lotchedwa Schwarzwald, kutanthauza nkhalango yakuda. M'chigwa china cha kumeneko, m'mudzi wa Gutach, muli nyumba ya mlimi imene inamangidwa m'chaka cha 1612, ndipo mpaka lero idakali pamalo pomwe anaimangapo. Dzina lake ndi Vogtsbauernhof. Munthu akamaiyandikira sayamba waona makoma kapena mawindo. Chimene chimadzaza maso ndi denga, lalikulu, lofolera ndi udzu, lotsika mbali zonse ngati thadzi lofungatira anapiye. Pansi pa denga limodzilo pankagona mwini munda ndi mkazi wake, ana awo, antchito, ng'ombe ndi ziweto zina, pamodzi ndi udzu wonse woti ziwetozo zidye mpaka nyengo yozizira ithe.

Kwa munthu amene anakula akudziwa kuti khola limakhala kuseri, patali ndithu ndi khomo la nyumba, zimenezi zimadabwitsa, ndipo maganizo amathamangira ku fungo ndi ntchentche. Mwina angaganize kuti eni ake anali amphawi osowa malo. Sizinali choncho. Mmodzi mwa eni nyumbayi, Martin Schumacher, cha m'ma 1650 anali Vogt, ndiye kuti nyakwawa yoyang'anira chigwacho m'malo mwa olamulira, ndipo dzina la nyumbayi linachokera pa udindo wakewo. Malo analipo, mitengo inalipo, amisiri analiponso. Ankamanga chonchi mwadala, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kulondola zinthu zimene zinkayenda m'nyumbamo tsiku ndi tsiku: udzu wotsika kuchokera kudenga, utsi wokwera kupita kudenga komweko, ndi anthu oyenda pakati pa ziwirizi.

Nkhani yonse ikuyambira pa chisanu

Kumeneko udzu umasiya kumera cha mu Novembala. Kumtunda kwa mapiri, kumene nsonga ya Feldberg imafika mamita 1,493, chipale chofewa chimakwirira nthaka kwa miyezi ingapo. Ng'ombe sizingapite kubusa. Zimatsekeredwa m'khola pafupifupi theka la chaka, ndipo chilichonse chimene zidzadye m'miyezi imeneyo chiyenera kumwetedwa, kuumitsidwa ndi kututidwa dzuwa lidakali ndi mphamvu, m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Motero chiwerengero cha ng'ombe zimene mlimi akanatha kuweta chinkadalira kuchuluka kwa udzu umene akanatha kusunga osanyowa. N'chifukwa chake denga limaposa nyumba. Mkati mwake ndi nkhokwe ya udzu, ndipo zipinda za anthu zimangotenga gawo lochepa la pansi.

Ndiye taganizirani ntchito ya m'mawa uliwonse mu Januwale. Kunja kudakali mdima mpaka cha m'ma 8 koloko. Ng'ombe zikufuna kudya, kumwa, kukamidwa, ndipo ndowe ziyenera kuchotsedwa. Madzulo ntchito ndi yomweyo. Usiku ina ikhoza kuyamba kubereka. Khola likanakhala patali, munthu akanayenera kuchotsa ndi fosholo chipale chofika m'mawondo kapena m'chiuno asanayambe ntchito, atanyamula nyali m'dzanja limodzi ndi ndowa ya mkaka m'dzanja linalo. M'nyumba ya mtundu uwu amangotsegula chitseko, n'kudutsa m'kanjira ka mkati kapena pansi pa khonde lophimbidwa ndi denga, wafika kale pa ng'ombe zake ali wouma.

Anthu ambiri akamafotokoza za nyumbazi amafulumira kunena kuti ng'ombe ndizo zinkatenthetsa nyumba. Muli choonadi pang'ono mmenemo. Antchito ankagona m'tizipinda topanda moto ta pamwamba pa khola, ndipo mpweya wofunda wa ziweto unkawathandizako. Udzu wounjikana kudenga unkatchinganso kuzizira ngati bulangete lochindikala. Koma ine ndikuona kuti phindu lalikulu linali pa miyendo ndi msana wa wogwira ntchito. Nyumbayi anaikonza kuti munthu ayende pang'ono ndiponso anyamule pang'ono, ndipo umboni wake uli kuseri kwa nyumba.

Khomo la ngolo lili kudenga

Nyumba za ku Schwarzwald zimamangidwa pamtsetse, msana wake utatsamira phiri. Mukazungulira kuseri kwa Vogtsbauernhof mupeza kuti nthaka yakwera mpaka kufanana ndi nsanja ya pamwamba. Pamenepo pali kamsewu kounjikira dothi ndi miyala, kolowera pa chipata chachikulu chimene chili m'denga mwenimwenimo. Ajeremani amachitcha Hocheinfahrt, khomo lolowera m'mwamba. Ngolo yodzaza udzu inkakwera mozungulira phiri, n'kulowa m'denga ng'ombe zokoka zidakali pagoli. Wotsitsa udzu sankauponya m'mwamba, ankangoukankhira m'mbali ndi pansi, m'zigawo zosungiramo. Nyengo yozizira ikafika ankaugwetsera pa bowo kupita m'kanjira kodyetsera, kamene kamadutsa kutsogolo kwa modyera ng'ombe. Ndowe nazo zinkatulukira m'munsi, kupita pa mulu wa manyowa, ndipo madzi ake ankatha kutsetserekera m'dambo la udzu limene lili kumunsi kwa nyumba. Kuchokera pa ngolo mpaka kubwerera m'munda, katundu wolemera ankangotsika.

Amene anakwezapo matumba a chimanga pa lole akudziwa kusiyana kwa kukweza ndi kutsitsa. Ndiye ganizirani ngolo makumimakumi za udzu m'masiku ochepa a dzuwa, mitambo ya mvula ikusonkhana pamwamba pa phiri, udzu woti ukangonyowa ntchito ya chaka yawonongeka. Mphindi iliyonse yopulumutsidwa potsitsa inali ngolo ina yolowa mvula isanagwe. Kwa ine khomo limeneli ndi nzeru yaikulu kuposa zonse m'nyumbayi, chifukwa mtsetse umene umavutitsa mlimi polima anausandutsa wantchito wosalipidwa.

Malo omwewo pamene ngolo inkaima ankakhalanso dwale. Pansi pake ankayala matabwa ochindikala, ndipo m'miyezi yozizira amuna ankapunthirapo mbewu ndi zibonga zomangirira pa ndodo. Mbewu yaikulu inali rye, yofanana ndi tirigu koma yopirira kuzizira ndi nthaka yosauka. Njere zake zinkapanga buledi wakuda, ndipo mapesi ake aataliatali ndiwo ankafolerera denga. Ankapuntha mosamala kuti mapesiwo asathyoke. Kumtunda kwenikweni, kumene mbewu sizinkachita bwino koma mitengo inali mbwee, ankafolera ndi timatabwa tong'amba topyapyala, tosanjikiza ngati mamba a nsomba. Poona denga lokha munthu ankatha kudziwa ngati ali m'chigwa chofunda kapena pamwamba pa mapiri.

Mafupa a nyumba

Denga lalikulu chotere, litasenza chipale cholemera ndiponso likukankhidwa ndi mphepo, limafuna mafupa olimba, ndipo amisiri a matabwa a kumeneko anali ndi njira ziwiri zazikulu. Njira yakale mungaione pa nyumba ina yotchedwa Hippenseppenhof, ya m'chaka cha 1599, imene inasamutsidwira ku Gutach kuchokera ku Katzensteig pafupi ndi tauni ya Furtwangen. Mmenemo muli mzere wa mizati italiitali, uliwonse wosemedwa ku mtengo umodzi, wochoka pansi mpaka pansonga pa denga. Mizatiyo imanyamula mtanda wa pamwamba penipeni, ndipo phaso limakolowekedwa pa mtandawo n'kutsikira m'mbali. Aliyense amene anaonapo mzati wa pakati pa nyumba yozungulira aizindikira nzeru imeneyi, kungoti kuno mizati ndi ingapo ndipo kutalika kwake kumaposa nyumba yosanja. Anthu a m'zaka za pambuyo pake ankaiona njirayi kuti ndi yamakedzana kwambiri moti nyumba zoterezi anazipatsa dzina loti Heidenhaus, nyumba ya achikunja, ngati kuti zinamangidwa Chikhristu chisanafike. Komatu amene anamanga Hippenseppenhof anali Akhristu ndithu. Nyumba zakale za mtunduwu zinkaika zipinda za anthu kumbali ya phiri, kumene mphepo siiwomba kwambiri, ndipo khola ndilo linkayang'ana kuchigwa.

Vuto la mzati wa pakati ndi lakuti umaima panjira. Ngolo imavutika kuyenda m'denga lodzaza mizati. M'zigwa za Kinzig ndi Gutach amisiri ankagwiritsa ntchito kwambiri njira ina, ya nsanamira zopendekeka zimene zimatsatira kutsetsereka kwa denga n'kutsitsira kulemera konse pa makoma a m'mbali. Pakati pamatsala bwalo lopanda chotchinga. Njirayi imafuna luso lalikulu podula mfundo, chifukwa mtengo uliwonse umakumana ndi unzake mopendekeka, ndipo kulakwitsa pang'ono kumapotoza denga lonse. M'zigwa zimenezi, zomwe n'zofundirako, nyumba inatembenuka: zipinda za anthu zinayang'ana kuchigwa ndi kudzuwa, khola ndi udzu zinapita kumbuyo. Ena anapeza yankho linanso. Lorenzenhof, nyumba ya m'chaka cha 1608 yochokera ku Oberwolfach, ili ndi khola m'chipinda cha miyala cha pansi, ndipo anthu ankakhala pamwamba pa ng'ombe zawo.

Makoma ambiri ndi a matabwa okhaokha, a mitengo yowongoka ya m'gulu la paini imene imadzaza mapiriwo. Pamwamba pa maziko a miyala amagoneka mitanda yochindikala, kuti thabwa lisakhudze chinyontho cha nthaka. Pa mitandayo amaimika nsanamira zokumbidwa ngalande m'mbali, ndipo m'ngalandemo amalowetsa matabwa ochindikala, lina pamwamba pa linzake. Chitsulo chinali chodula, choncho mfundo zambiri zimagwirana mwa kulowetsana ndi kukhomera zikhomo zamtengo. Mitengo ankaidula m'nyengo yozizira, amisiri n'kuisema ndi kuiika zizindikiro pansi, kenaka anansi ankabwera kudzathandiza kuimika chimango chonse m'masiku ochepa.

Pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene kamandisangalatsa kuposa zokongoletsa zonse. Thabwa latsopano likamauma limafota, ndipo pakati pa matabwa pamatseguka mipata yolowetsa mphepo. Amisiri ankadziwa kuti sangaletse zimenezi. Ndiye pakati pa matabwa a siling'i ya chipinda chochezera ankaikapo thabwa limodzi losongoka ngati mphero ya nkhwangwa, lalitali moti mutu wake unkatulukira kunja kwa khoma. Mipata ikayamba kuoneka, mwini nyumba ankatenga chibonga n'kulikhoma kuchokera panja. Likamalowa linkakankhira matabwa anzake m'mbali, ndipo mipata yonse inkatsekeka. Mmisiri ankasiyira mwini nyumba njira yokonzera yekha vuto limene lidzabwere patapita zaka, iye atachoka kale.

Khitchini yakuda ndi chipinda choyera

Nyumbazi zinalibe chumuni. Moto wa m'khitchini unkayaka pa chitofu cha miyala, ndipo pamwamba pake ankamanga chophimba cholukidwa ndi timitengo n'kumata ndi dothi, choti chizigwira mbaliwali za moto. Utsi unkagunda pamenepo, n'kuzizirako, n'kufalikira m'mwamba mwa khitchini, kenaka unkadutsa m'mipata kukwera kudenga ndi kutulukira paliponse pamene wapeza njira. Zaka zikamapita mitanda yonse inkada bii ndi mwaye, ina mpaka kunyezimira ngati yopaka phula.

Izi sizinali zachilendo kwa anthu amene amapachika chimanga cha mbewu pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachiyandikire. Utsi umathamangitsa tizilombo tofumbula matabwa, ndipo mpweya wofunda woyenda m'denga umaumitsa chinyontho chochokera m'khola, chimene chikanavunditsa mitengo ndi udzu. Umenewu ndi umodzi mwa mizu ya moyo wautali wa nyumbazi. Utsi womwewo unkagwiranso ntchito ya chakudya. Nkhumba ikaphedwa kumayambiriro kwa nyengo yozizira, nyama yothira mchere ankaipachika m'mwamba mwa khitchini kwa milungu yambiri, ndipo inkasungika mpaka chaka chinzake. Nyama ya nkhumba yofukiza ya ku Schwarzwald, imene lero ikugulitsidwa m'masitolo a m'mayiko ambiri, inayambira m'makhitchini oterewa.

Koma tisakometse zinthu mopitirira. Amene ankalipira mtengo wa nzeru imeneyi anali amayi ndi atsikana antchito. Ankaphika m'chipinda chamdima, nthawi zambiri atawerama kuti mutu ukhale pansi pa utsi, chitseko chili chotsegula kuti mpweya uziyenda ngakhale kunja kukuzizira koopsa. Kutsogolo moto ukuwotcha, kumbuyo mphepo ikulasa msana, maso akulira misozi. Mlendo wa lero amasirira mitanda yakuda yokhalitsa zaka 400, koma mwaye umene unasunga mitandayo unkalowanso m'zifuwa za anthu.

Kuseri kwa khoma la khitchini kuli dziko lina. Chipinda chochezera, chimene amachitcha Stube, chinali chokhacho chofunda ndiponso chopanda utsi. Chinsinsi chake ndi mbaula yaikulu yomangidwa ndi matailosi a dothi lowotcha, imene thupi lake lili m'chipindamo koma pakamwa pake posonkhezera nkhuni pali kukhitchini. Utsi ndi phulusa zinkatsala kwa wophika, kutentha kokha n'kumalowa kwa okhala m'chipinda. Matailosiwo amasunga kutentha kwa maola ambiri moto utazima. Mozungulira mbaula munali benchi, pamwamba pake mitengo yoyanikapo zovala zonyowa, ndipo odwala ndi okalamba ankagonekedwa pomwepo. Mwini nyumba ndi mkazi wake ankagona m'chipinda cha pamwamba pa Stube, chimene chinkalandira mpweya wofunda kudzera pa kabowo ka m'siling'i.

Pangodya yoyang'anizana ndi mbaula, pamene makoma awiri akunja amakumana, pali mawindo ang'onoang'ono ondondozana mbali zonse ziwiri, ndipo tebulo la banja limakhala pamenepo. Denga lotulukira patali limatchinga dzuwa la m'nyengo yotentha, limene limadutsa pamwamba, koma dzuwa la m'nyengo yozizira limayenda chammunsi ndipo limalowa pansi pa denga mpaka kufika patebulo. Nsanamira ya pangodyayo inali malo opatulika a nyumba. M'midzi ya Akatolika ankapachikapo mtanda wa Yesu ndi zithunzi za oyera, pamene m'midzi ya Apulotesitanti ngati Gutach ankasungapo Baibulo ndi buku la nyimbo. Aliyense anali ndi malo ake patebulo, kuyambira mwini munda mpaka kamnyamata koweta ng'ombe. Pa mawindo omwewo m'pamene anthu ankagwirira ntchito zamanja m'miyezi imene kumunda kulibe chochita: kupota ulusi, kuluka zipewa za mapesi, ndiponso, makamaka kumtunda cha ku Furtwangen, kusema mawotchi amatabwa amene anadzatchukitsa deralo.

Mantha a moto

Tsopano ikani pamodzi zonsezi: makoma a matabwa ouma, denga la mapesi, udzu wouma wodzaza mpaka pamwamba, ndi moto wopanda chumuni pakati pake. Onjezanipo mphezi za m'mapiri, komanso khalidwe la udzu lakuti ukatutidwa usanaumitsitse umatentha wokha mkati mwa mulu mpaka kuyaka. Ubwino wa kuika zonse pansi pa denga limodzi unali womwewonso tsoka lake. Moto ukabuka, nyumba, ziweto ndi chakudya chake zinkapita usiku umodzi, ndipo anansi anali kutali chifukwa minda ya kumeneko ndi yotalikirana. Denga la mapesi likayaka zomangira zimaduka ndipo mapesi oyaka amatsetserekera pansi n'kutseka makomo. Pofuna kusiya njira yothawira, nyumba zina zinkafolera kachigawo ka pamwamba pa khomo ndi zinthu zosatsetsereka motero.

Olamulira nawonso ankada nkhawa. Gutach pa nthawiyo inali pansi pa dziko la Württemberg, mpaka m'chaka cha 1810 pamene inaperekedwa ku dziko loyandikana nalo la Baden, ndipo malamulo a zomangamanga a Württemberg a m'chaka cha 1568 anakhwimitsa kamangidwe ka malo oyakapo moto. Zotsatira zake zimaoneka pankhope pa nyumba za ku Gutach. Pakati pa khoma loyang'ana kuchigwa, pamene mbali zonse ndi matabwa akuda, pali chigamba choyera cha chimango cha mitengo chodzazidwa ndi zomata zosayaka, chimene ndi khoma la khitchini. Alendo amachijambula ngati chokongoletsa, koma chiyambi chake ndi lamulo loopa moto.

Njira yabwino yodziwira zimene anthuwa ankaopa ndi kuona zimene anakana kuziika m'nyumba yaikulu. Nkhokwe ya mbewu inkamangidwa payokha, potalikirana ndithu kuti malawi asafikepo, yotukulidwa kuti chinyontho ndi mbewa zisalowe. Mmenemo ankasungamo njere zodya ndi zobzala, nyama yofukiza kale, nsalu, zovala za pa chikondwerero, ngakhalenso mapepala a umwini wa munda. Nyumba ikapsa, banja linkatsala ndi mbewu ya chaka chamawa ndi umboni woti malowo ndi awo. Uvuni wophikira buledi, umene umafuna moto waukulu, unalinso m'kanyumba kakekake. Chigayo choyendera madzi chinali kumtsinje. Pafupi ndi khomo panali mpopi wa madzi a pakasupe oyenda usana ndi usiku, ndipo pamwamba pa chomwera chake ankaikapo kabokosi kamatabwa momwe mitsuko ya mkaka inkakhala m'madzi ozizirawo kuti usasase.

Pamene matabwa ndi malamulo zinkalekezera, chikhulupiriro chinkapitiriza. M'madenga a nyumba zina zakale mumapezeka chigaza cha ng'ombe yamphongo chitapachikidwa pa mzati. Mwambo umati chinali cha ng'ombe imene inakoka mitengo yomangira nyumbayo, ndipo ankachiika pamenepo kuti chitchinjirize banja ndi ziweto ku matenda ndi tsoka.

Nyumba yosagawika

Nyumba yotereyi simungaigawe pakati pa ana anayi. Khola, udzu, dambo ndi nkhalango zimadalirana, ndipo munda wa m'mapiri ukaduladula tizidutswa palibe kachidutswa kamene kangadyetse banja. Choncho mwambo wa m'madera ambiri a Schwarzwald unali wakuti munda wonse uzipita kwa mwana mmodzi, ndipo kawirikawiri ankakhala mzime mwa ana aamuna. Ngati panalibe mwana wamwamuna, unkapita kwa mwana wamkazi wamkulu. Dziko la Baden linalemba mwambo wosagawa mindawu m'lamulo la m'chaka cha 1898. Nzeru yosankha mzime ndi yomveka: pamene iye akufika pa msinkhu wokwatira, makolo amakhala atatopadi, ndipo munda sukhala ndi eni awiri amphamvu nthawi imodzi.

Makolo akapereka munda ankachoka m'chipinda chofunda cha pamwamba pa Stube. Ena ankapatsidwa kachipinda kawo m'nyumba momwemo, ena ankasamukira m'kanyumba kapadera pafupi, kotchedwa Leibgedinghaus. Zonse zinkalembedwa pa pangano: nkhuni zochuluka bwanji, mkaka, mbewu, nyama, kadimba kati, mitengo ya zipatso iti. Kulemba zinthu zotere pakati pa kholo ndi mwana kungaoneke kouma mtima, koma kunkateteza nkhalamba pa tsiku limene chikondi chachepa kapena mpongozi wavuta. Abale ena a mzime ankalandira gawo lawo m'ndalama, nthawi zambiri lochepa. Ena ankakwatiwa kapena kukwatira m'minda ina, ena ankatsala pakhomo osakwatira, akugwira ntchito kwa mng'ono wawo ndi kugona m'tizipinda ta pamwamba pa khola tija. Ambiri anabereka mawotchi kumsana n'kumakagulitsa m'mayiko ena mpaka ku England, ndipo m'zaka za m'ma 1800 enanso anawoloka nyanja kupita ku America. Denga lalikulu lija linkasunga munda wathunthu, koma silinkasunga ana onse obadwira pansi pake.

Njanji ya Schwarzwaldbahn itatha kumangidwa m'chaka cha 1873, alendo anayamba kufika m'chigwa cha Gutach. Wojambula zithunzi Wilhelm Hasemann anafikako m'chaka cha 1880 n'kukhazikika, ndipo zithunzi zake ndi za anzake zinachititsa kuti nyumbazi zidziwike kutali. Koma pamene zinkatchuka pa mapepala, ntchito imene zinamangidwira inali ikusintha. Oona za moto ndi a inshuwalansi anakakamiza anthu kumanga machumuni ndi kufolera ndi matailosi. Utsi utasiya kuyenda m'denga, mitengo inataya mlonda wake wakale. Kenaka kunabwera mathirakitala ndi ngolo zolemera zimene nsanja ya matabwa sinapangidwire, ng'ombe zamakono zazikulu zosakwana m'malo oyezedwa ng'ombe zing'onozing'ono za m'mapiri, ndi malamulo a ukhondo wa mkaka osagwirizana ndi khola lalifupi lamdima. Masiku ano anthu ambiri akutsutsanso zomangirira ng'ombe pamalo amodzi nyengo yonse yozizira, ndipo pamenepa ine ndili kumbali ya ng'ombe. Alimi amene akupitiriza kuweta amamanga khola latsopano lotakasuka pambali, ndipo theka la nyumba yakale limatsala lopanda ntchito, pamene denga lake lonse likufunabe kukonzedwa ndi ndalama zambiri.

Hermann Schilli, mphunzitsi wa amisiri a matabwa mumzinda wa Freiburg, anayenda m'zigwa ndi m'mapiri akuyeza ndi kujambula nyumbazi, ndipo m'chaka cha 1953 anatulutsa buku lozisanja m'mitundu yake. Ataona kuti zikugwetsedwa imodzi ndi imodzi, analimbikira kuti Vogtsbauernhof ipulumutsidwe. Malo osungirako zakale anatsegulidwa pamenepo m'chaka cha 1964, ndipo banja lomaliza linasamuka m'nyumbamo m'chaka cha 1965, patatha zaka 353 chiimikire mitanda yake. Nyumba zina zimene zili pamalopo, monga Hippenseppenhof ndi Lorenzenhof, anachita kuziphwasula kwawo, kulemba manambala pa mtengo uliwonse, kuzinyamula ndi kudzazimanganso, n'kuziunjikira dothi kuseri kuti khomo la m'mwamba likhale ndi potera. Vogtsbauernhof yokha sinasunthe. Kamsewu kake ka ngolo kakukumanabe ndi phiri lomwelo limene amisiri a mu 1612 anayezera, ndipo munthu woyenda pansi akhoza kulowa kudenga osakwera sitepe ngakhale imodzi.